Kalata kwa amayi ku Bangula

Johannesburg, Lamulungu loyamba la Adventi

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi achemwali ndi ana onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija chinapita. Ndamva kuti kumeneko dzuwa lafika poipa ndipo mvula ikungonamiza. Kutentha kwa m'chigwa chathu sindinakuiwale, kogona pamphasa panja mpaka tambala woyamba. Mundiuze ngati mapira mwabzala kale, komanso ngati chimanga cha kudimba chinapulumuka ku mvuu chaka chino.

Ndalama ndatumiza dzulo pa Mukuru, nambala ili pa foni ya achemwali. Ndi zochepa kusiyana ndi za chaka chatha. Mabwana awiri mwa atatu amene ndimawasamalira maluwa ndi kapinga apita kale kutchuthi, ndipo kuno tsiku limene sunagwire ntchito sulandira kanthu. Katoni ya katundu chaka chino sibwera pa basi. Ana muwauze bwinobwino, asamangoyang'ana kumsewu.

Koma chimene ndalembera kalata m'malo moimba foni ndi nkhani ya simenti ija. Paja ndinalonjeza matumba khumi okonzera khoma la tchalitchi chathu chaching'ono limene linagwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo ndinauza achemwali kuti awapampando akawerenge dzina langa pa zolengeza, anthu amve kuti mwana wa uje ali ku Joni wachitapo kanthu. Mawu amenewo ndikuwabweza, amayi. Ndakwanitsa matumba anayi okha. Agulidwe, akasiyidwe kwa akatekisiti, koma dzina langa lisatchulidwe. Musaganize kuti ndi manyazi chifukwa achepa, ngakhale manyaziwo aliponso pang'ono.

Mwezi wa Okutobala tinataya mnyamata wina wa kwathu ku Nsanje konko, anadwala masiku atatu okha. Kunyamula maliro kuchoka kuno ndi ndalama zambiri, chifukwa galimoto imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza, ndipo paliponse pamafunika mapepala. Misa itatha, Amalawi tinasonkhana kuseri kwa tchalitchi n'kuyendetsa chipewa. Ine ndinatulutsa 200 rand, ndipo ndinaiwongola bwino ndi zala kuti oyandikana nane aione. Pambali panga panali mayi wina wa ku Mutarara, wolankhula Chisena ngati cha kwathu, amene amachapira anthu zovala. Malemuyo sankamudziwa n'komwe. Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, nafumbata timakobiri tonse timene tinalimo, n'kulowetsa dzanja mpaka pansi pa chipewa kuti tisalire. Pobwerera ndili mu takisi ndinamuona akuyenda pansi m'mbali mwa msewu, nsapato zili m'manja. Ndalama ija inali ya takisi yake.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Nkhani ya mkazi wamasiye wa pa Marko 12 ndaimva kuyambira ndili ku kalasi ya Ukalistia woyamba, koma ndinkaiyesa nthano ya kale. Ndipo amene anandibwerera m'mutu ndinu, amayi. Mukukumbukira masika a chaka cha Freddy chija? Munali mutangochoka kumene kumsasa wa kusukulu, nyumba ili bwinja, mbuzi zonse zitapita ndi madzi. Panatsala nkhuku imodzi, thadzi lofiira lija limene linapulumukira padenga. Achemwali atandiuza kuti mwalitenga pamodzi ndi lichero la mapira opempha kwa amalume n'kupita nazo kuguwa mukuvina, ndinakuimbirani foni ndili wokwiya. Ndinati Mulungu sadya nkhuku. Inu simunandikalipire. Munangoti, "Mwanawe, ndinagona mumtengo masiku awiri madzi ali pansi, ndinatsika wamoyo. Ndipite kwa mwini moyo chimanjamanja?" Ine ndinadula foni. Pepani amayi, ndinalakwa, ndipo ndakhala ndi mawu amenewo pakhosi nthawi yonseyi.

Tsopano pa Misa, akamanyamula mkate ndi vinyo kupita nazo kuguwa pamodzi ndi mphatso za anthu, ndimaona kuti zonsezo zinachokera kwa Iye kale. Nthaka ndi yake, mvula ndi yake, ngakhale manja olimawo. Anayamba kupatsa ndi Iyeyo, mpaka kutipatsa Mwana wake modyera ng'ombe. Anzeru a kum'mawa anabwera ndi golide, lubani ndi mure, abusa anangobwera ndi miyendo yawo usiku, ndipo onse anafika pamaso pa Mwana yemweyo. Ine ndinkafuna kugula ulemu ndi simenti.

Ndimasowa mphakati wathu. Kuno tchalitchi ndi chachikulu, chokongola, koma Misa ikangotha aliyense ali liwiro, wina kuntchito, wina kukagwira takisi. Kwathuko bambo atamwalira, amene anakumba manda, kutunga madzi ndi kugona pa siwa masiku onse aja anali a mumphakati. Madzi atatigwetsera nyumba, anaumba njerwa ndi omwewo, ine ndili kuno ndikungotumiza mauthenga. Ngongole imeneyo sindingaibweze ndi rand. Lachinayi mukakumana pansi pa mtondo paja, muwauze kuti ndimawakumbukira, ndipo anditchule m'mapemphero.

Ndalama zotsala pa simenti mugule mbewu ngati ikuperewera, mpunga, mafuta ophikira ndi nkhuku ya Khirisimasi. Za fizi ndiyesetsa mu Januwale ntchito ikayambanso. Ndikupemphaninso chinthu chimodzi: mukaphika tsikulo, mbale yoyamba ipite kwa agogo osaona aja a kuseri kwa mjigo. Atumeni ana, apite nayo okha ndipo akhale nawo pansi mpaka amalize kudya. Nsapato zimene ndinawalonjeza anawo zidzabwera pa Pasaka Mulungu akalola.

Ku Misa ya usiku mupite ndithu, koma mwendo ujawo musaukakamize, akunyamuleni pa njinga. Achemwali andijambulire kwaya ikamaimba Ulemu kwa Mulungu, ng'oma ndi visekese zimveke bwino, anditumizire pa WhatsApp. Ine ndidzapita ku Misa ya m'mawa, chifukwa kuno kuyenda usiku n'koopsa. Mayi wa ku Mutarara uja ndamuitana kuti adzadye nafe nsima kuchipinda kwathu, ndipo wavomera. Akuti adzabwera ndi mlamba wouma.

Moni kwa amalume, kwa akatekisiti ndi onse pamudzipo.

Ndine mwana wanu wa ku Joni.