Cholinga chokha sichikwanira pozindikira uchigawenga

Mkonzi,

Mundilole ndithirirepo ndemanga pa mtsutso woti uchigawenga tiziuzindikira ndi cholinga cha munthu kapena ndi zochita zake. Ife a ku Nsanje tinasunga anthu ochuluka othawa nkhondo ya ku Mozambique ya pakati pa Renamo ndi Frelimo, yomwe inatha mu 1992, ndipo amene anawotcheredwa midzi sankafunsa ngati owotchawo ankamenyera ufulu. Cholinga chili ndi ntchito ndithu, chifukwa ndicho chimasiyanitsa mbava ya ng'ombe ndi munthu wopha anthu wamba pofuna kukakamiza boma. Koma tikadalira cholinga chokha, olamula amapezerapo mpata wotchula adani awo kuti zigawenga, monga momwe dzina la Nelson Mandela linakhalira pa mndandanda wa zigawenga ku America mpaka 2008. Aphungu athu pokonza malamulo ayambe afunsa kuti wavulazidwa ndani.

Wowerenga,
Bangula, Nsanje