Kalata yotseguka kwa Mkulu wa bungwe la MACRA pa za kusokonezana kwa mawailesi pa nsanja za ku Mulanje ndi Thyolo

Wolemekezeka Bwana,

Ndine mmisiri wokonza mawailesi a ova-ova ndi ma repeater (makina olandira mawu a ova-ova n'kuwatumizanso patali) amene alonda, akapitawo a m'minda ya tiyi ndi madalaivala amadalira kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ndalembera inu chifukwa lamulo la Communications Act la 2016 linaika m'manja mwa bungwe lanu udindo wogawa ndi kuyang'anira mafunde a wailesi m'dziko muno, ndipo vuto limene ndikulongosola pano mmisiri mmodzi sangalithetse payekha, ngakhale atakhala waluso chotani.

Kwathu kuno n'kwa mapiri ndi zigwa, choncho malo okwera oyenera repeater ndi owerengeka, ndipo aliyense amathamangira komweko, mpaka nsanja imodzi kusenza milongoti (ma antenna) ya eni ake osiyanasiyana. Makina otumiza mawu awiri kapena atatu akayaka nthawi imodzi, mafunde awo amatha kusakanikirana n'kubala mafunde ena amene palibe anawatumiza ndiponso palibe ali ndi chiphaso chake, zimene amisiri timati intermodulation. Masamu ake ndi apafupi. Wina akamatumiza pa frequency (nambala ya mafunde ake) ya 160.0 MHz, mnzake pa 160.6 MHz, mukawirikiza kawiri nambala yoyamba n'kuchotsapo yachiwiri mupeza 159.4 MHz, ndipo mukatembenuza mupeza 161.2 MHz. Repeater yachitatu imene imamvetsera pa imodzi mwa nambala zimenezi idzayamba kutseguka yokha, kusokosera kapena kutulutsa mawu a anthu awiri olankhula pamodzi, ndipo mlonda amene ali kutali ndi kawailesi ka m'manja sadzamvekanso. Wailesi za FM zimaonjezera vutoli chifukwa n'zamphamvu ndipo zambiri sizizimitsidwa usana ndi usiku. Ziwiri zikatalikirana ndi 5 MHz, repeater imene imatumiza ndi kulandira motalikirana 5 MHz yomweyo imatha kudzigonthetsa yokha nthawi iliyonse ikayamba kutumiza.

Chovuta ndi kupeza pamene kusakanikiranako kukuchitikira. Kukakhala m'makina olandira mawu, mmisiri amadziwa yekha. Amaika attenuator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya mafunde, ya 10 dB (dB ndi muyeso wa mphamvuyo) patsogolo pa makinawo, ndipo phokoso likatsika ndi pafupifupi 30 dB, ndiye kuti makinawo akungolemedwa ndi mphamvu ya anzawo, ndipo cavity filter, sefa yolola mafunde ofunika okha kudutsa, yochunidwa bwino imathetsa nkhaniyo. Likatsika ndi 10 dB yokha, ndiye kuti likubadwira kunja. Mwina mafunde a mwini wina akulowa kudzera pa mlongoti wa mnzake mpaka m'makina otumiza amene sanaikidwe isolator, chipangizo choletsa mafunde akunja kulowa m'makinamo, ndipo apa wokonza ayenera kukhala mwini makinawo, amene kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti akuvutitsa ena popeza wailesi yake ikuyenda bwino.

Koma mdani wamkulu kuno ndi dzimbiri. Chiperoni chikagwira masiku angapo, nsanja imakhala yonyowa kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo bauti yadzimbiri, polumikizira chingwe pamene palowa madzi, waya womangira nsanja wokhudzana ndi chitsulo china, ngakhale lata lofoleredwa pa kanyumba ka makina, chilichonse chimatha kusakaniza mafunde n'kuwamwazanso. Pa nsanja ina ndinaona mlongoti wakale umene mwini wake anausiya kalekale, chingwe chake chikulendewera, polumikizira pake pobiriwira ndi chinyezi, ndipo mphepo ikawomba phokoso mu repeater yoyandikana nawo linkatsatira kugwedezeka kwake. Phokoso lotere limabwera n'kupita motsata nyengo, kotero mmisiri akakwera kunja kuli dzuwa amapeza zonse zili bwino, ndipo amene anamutuma amayamba kumukayikira kuti akungodya ndalama.

Njira yodalirika ndi kuzimitsa makina otumiza amodziamodzi kwa mphindi zochepa, wina akuyang'ana pa spectrum analyser, makina oonetsa mafunde ndi mphamvu yake, kuti aone pamene phokoso lasowera. Apa mpamene timakanikira. Makina a ena ali m'mabokosi okhoma, opanda chikwangwani chonena mwini wake kapena frequency yake, ndipo palibe mmisiri wanzeru amene angazimitse wailesi ya eni popanda chilolezo. Ndiye ambiri amangokweza mphamvu ya makina awo, chimene chimaipitsa zinthu, chifukwa onse osakanikiranawo akakweza ndi 1 dB phokoso limakwera ndi pafupifupi 3 dB. Ena amatseka repeater ndi toni ya CTCSS kuti izitseguka pokhapokha yamva kamvekedwe kapadera kameneko, phokoso n'kuleka kumveka, koma makina olandira amakhalabe ogontha kwa mawailesi akutali. Ine njira imeneyi ndimaiona yoopsa kuposa phokoso lenilenilo, chifukwa anthu amakhulupirira kuti zakonzeka.

Pempho langa, Bwana, ndi lakuti pa nsanja iliyonse ya eni ambiri pakhale mndandanda wa makina onse otumiza, frequency ndi mphamvu yake, umene amisiri ogwira ntchito pamalopo angathe kuuona, ndiponso kuti bungwe lanu liitanitse eni ake onse tsiku limodzi kuti kuyesa kozimitsa amodziamodzi kuchitike akatswiri anu alipo. Mawu anu adzamveka kumene athu samveka. Ndikupemphanso kuti aliyense woika makina pa nsanja yotere akakamizidwe kukhala ndi isolator ndi filter, atsitse milongoti ndi zingwe zimene anasiya kugwiritsa ntchito, ndipo wobwera kumene awerengeredwe masamu aja asanayatse makina ake.

Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anadula misewu ndi milatho m'maboma athu ano, magetsi anazima, ndipo pa nthawi yotere repeater yoyendera batire ndi sola imatha kukhala njira yokhayo yoitanira thandizo. Ntchitoyi ndi yofunika kuigwira mvula isanayambe, m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene misewu yokwera kumapiri ndi youma ndipo nsanja zimakwereka bwino. Ine ndili wokonzeka kukwera limodzi ndi akatswiri anu ndi kuwasonyeza malo amene akuvuta.

Ine wanu,
Mmisiri wa mawailesi, Mulanje