Kalata kwa Makasitomala: Kusintha kwa Njira Yowerengera Kukula kwa Sola

Okondedwa makasitomala athu,

Tikukudziwitsani kuti kuyambira tsiku loyamba la mwezi wamawa, kampani yathu isiya kupereka mtengo wa sola pa foni kapena pa WhatsApp tsiku lomwelo limene mwafunsa. Tisanakuuzeni chiwerengero cha mapanelo ndi kukula kwa batire, tiziyamba taona kaye mmene dzuwa lakhala likuwalira kwa zaka zambiri pamalo enieni amene mukufuna kuikapo sola, ndipo ntchito imeneyi izitenga masiku atatu ogwira ntchito. Tikudziwa kuti ena mwa inu muona ngati tayamba kuzengereza, n'chifukwa chake taona kuti n'koyenera kufotokoza gwero la ganizoli.

Kwa nthawi yaitali takhala tikuwerengera ngati kuti dziko lonse la Malawi limalandira maola 6 a dzuwa lamphamvu tsiku lililonse, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, chaka chonse. Tikuvomereza kuti uku kunali kulakwitsa kwathu. Kasitomala wina wa ku Thyolo, amene tinamuikira sola mu Okutobala kuti aziyendetsera firiji ya pa golosale yake, anasangalala nayo miyezi ingapo, koma chiperoni cha mu Julayi chitagwira masiku anayi otsatizana, inveta (chipangizo chosintha magetsi a m'batire kuti ayendetse zipangizo za m'nyumba) inkayamba kulira cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, kenako n'kuzima, ndipo kukacha ankapeza madzi ali chuchuchu pansi pa firiji. Iye ankaganiza kuti tinamugulitsa batire yakufa. Amisiri athu atapita kukayeza anapeza kuti batire ndi mapanelo zonse zinali bwinobwino. Chimene chinaperewera chinali dzuwa limene ife tinawerengera koma kumeneko kulibe m'mwezi umenewo.

Tikamanena za "ola la dzuwa" sitikutanthauza nthawi yonse imene kunja kwawala. Mawati amene alembedwa kumbuyo kwa panelo amayezedwa pa kuwala kwa mawati 1,000 pa sikweya mita imodzi, panelo ili pa kutentha kwa madigiri 25, choncho kuwala konse kwa tsiku, kuyambira kofooka kwa m'mawa mpaka kwa madzulo, timakuphatikiza n'kuona kuti kukufanana ndi maola angati a kuwala kwamphamvu koteroko. Panelo ya mawati 300 pa tsiku la maola 6 iyenera kupereka magetsi okwana ma watt-hour 1,800 pa tsikulo (mawati 300 kuchulukitsa ndi maola 6), ndipo tikachotsapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limene limatayika m'mawaya, mu inveta, m'batire ndiponso chifukwa cha fumbi ndi kutentha, amatsala 1,350. Panelo yomweyo pa tsiku la maola 4 imangotsala ndi 900. Kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti nyumba imene inkaonera TV mpaka usiku mu Seputembala izigona mumdima mu Febuluwale.

Manambala amene tizigwiritsa ntchito tsopano si athu ayi, ndipo aliyense angathe kuwaona pa intaneti kwaulere. Gwero loyamba ndi Global Solar Atlas, mapu a dzuwa amene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inakhazikitsa mu 2017 mogwirizana ndi kampani ya Solargis. Lachiwiri ndi NASA POWER, la bungwe la ku America loona za mumlengalenga la NASA, limene lili ndi zoyeza za kuwala kwa dzuwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Onse awiri amadalira ma setilaiti amene amajambula mitambo ali m'mlengalenga, koma kwathu kuno tili ndi mwayi wakuti pakati pa 2016 ndi 2018 panaikidwa zipangizo zoyezera dzuwa pansi ku Chileka, ku Kasungu ndi ku Mzuzu, ndipo zimene zinapezeka kumeneko zinathandiza kukonza manambala a ma setilaiti kuti agwirizane ndi thambo lathu. Chaka chimodzi chokha sichokwanira kuwerengerapo, pakuti chaka cha chilala chimanamiza kuti dzuwa ndi lochuluka, pamene chaka ngati 2023, chimene namondwe Freddy anaphimba chigawo cha kummwera mu Malichi, chingachititse munthu kugula zipangizo zoposa zimene akufunikira. Mbiri ya zaka makumi awiri kapena kuposerapo ndiyo imasonyeza chimene chimachitika nthawi zambiri komanso chimene chimachitika mwa apo ndi apo.

Choncho tiziwerengera potengera mwezi umene dzuwa limachepa kwambiri kwanuko. M'madera ambiri miyezi imeneyi ndi Januwale ndi Febuluwale, mvula ikafika pachimake, pamene m'madera okwera a Mulanje, Thyolo, Zomba ndi Blantyre tiyenera kuyang'ananso Juni ndi Julayi chifukwa cha chiperoni. Ku Mzuzu ndi ku Nkhata Bay mvula imachedwa kusiya, ndipo m'mbali mwa nyanja ngati ku Salima thambo limakhala loyera nthawi yaitali. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje vuto ndi lina: dzuwa lilipo lambiri, koma panelo ikatentha kwambiri imapereka magetsi ocheperapo, ndiye tizisiya mpata wokwanira pakati pa panelo ndi malata kuti mphepo izidutsa. Ponseponse mapanelo tiziwalozetsa kumpoto ndi kuwapendeketsa pang'ono, ngakhale pa nyumba zimene denga lake likuyang'ana kwina, zimene nthawi zina zidzafuna kuti tiwotcherere chimango chapadera.

Si onse amene mtengo udzawakwerere. Amene mukufuna sola ya m'nyumba, ya m'sitolo kapena ya pa chipatala chaching'ono, imene iyenera kugwira ntchito chaka chonse, mwina mudzapeza kuti taonjezera panelo imodzi kapena ziwiri, kapena batire yokulirapo. Koma alimi a mthirira ambiri sadzaona kusintha, popeza pampu imafunika kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala pamene dzuwa lili pachimake, ndipo nthawi ya mitambo mbewu zimamwa mvula. Kwa iwo chofunika kwambiri ndi kupukuta mapanelo, chifukwa miyezi yomweyo ndiyo ya fumbi ndi utsi wa moto wolusa.

Mukafuna mtengo, chonde mutitumizire malo anu pa mapu a pa foni, kapena dzina la mudzi ndi sukulu kapena msika woyandikana nawo, pamodzi ndi mndandanda wa zipangizo zonse zamagetsi ndi maola amene chilichonse chimayaka pa tsiku. Tikupemphani kuti musabise ketulo, ayironi kapena hotipuleti, pakuti zimenezi zimadya magetsi ambiri kuposa mababu onse a m'nyumba kuwaphatikiza pamodzi. Pepala la mtengo limene mudzalandire lidzakhala ndi magetsi amene tikuyembekezera mwezi uliwonse kwa miyezi 12, ndiponso chiwerengero cha masiku a mitambo amene batire ingapirire. Mukadzasankha sola yocheperapo chifukwa cha ndalama, tidzakuikirani ndithu, koma tidzalemba pa pepala lomwelo miyezi imene muyenera kuyembekezera kuperewera kwa magetsi, kuti tonse tisainire tikudziwa.

Inu amene tinakuikirani kale sola pa kawerengedwe kakale, tidzakuwerengeraninso mwatsopano popanda kulipira kalikonse, ndipo pamene padzaoneke kuti pakufunika panelo yoonjezera, mudzalipira mtengo wa paneloyo wokha osati wa amisiri. Tiyamba ndi makasitomala a ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba, kenako madera ena motsatana. Mungathe kulembetsa ku ofesi yathu kapena pa nambala imene ili pa lisiti yanu, ndipo mukamabwera mutenge lisitiyo kuti tione msanga zipangizo zimene tinaika.

Ife anu,
Oyang'anira kampani