Pempho kwa ana athu a kuno: maso a ophunzira anayi akutha tikuona

Kwa inu nonse amene munaphunzira pasukulu yathu ino, kaya muli ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Joni kapena kutsidya kwa nyanja, landirani moni wochokera kumudzi. Ndife a komiti ya sukulu, pamodzi ndi a PTA, gulu la amayi ndi mafumu athu. Ulendo watha tinakulemberani za denga la buloko ya Sitandade 5 lomwe linasasuka ndi mphepo, ndipo ena mwa inu munatiyankha. Lero tabwera ndi nkhani ya maso a ana anayi, anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi.

Tiyambe ndi kuvomera kulakwa kwathu, ngakhale zikutichititsa manyazi. Mnyamata wina wa Sitandade 7, amene sankatsika pa nambala thuu kuyambira ali wamng'ono, anayamba kulephera chaka chatha. Ankakopera manotsi m'kope la mnzake m'malo moyang'ana pa bolodi. Aphunzitsi atamusunthira kutsogolo, ankatsinzinirabe n'kumapendeketsa mutu ngati nkhuku yaona kabawi. Ife tinaitanitsa makolo ake n'kumukalipira pamaso pawo kuti wayamba chibwana. Kumudzi ena ankati wayamba kusuta, ena ankati pali dzanja la munthu. Mwanayo ankangonena kuti zilembo zikumuonekera ziwiriziwiri, zokhala ndi michira, ndipo palibe wamkulu amene anamumvetsera. Tinamulanga chifukwa cha matenda.

Kenako kunabwera bungwe lina ndi galimoto yake. Anayeza ana pansi pa mkuyu uja mumaudziwa, analemba mayina, anajambula zithunzi, n'kulonjeza kuti abweranso teremu isanathe kudzatenga ana ofunika kuonana ndi dokotala. Materemu awiri adutsa. Tikaimba, foni imangoitana. Sitiwatchula dzina, koma kudikira kumeneko kwatidyera miyezi yomwe maso a anawa sakanayenera kutaya.

Titatopa ndi kudikira tinaima patokha. Amayi anagulitsa mtedza ndi soya, a banki m'khonde anatibwereketsa pang'ono, anyamata a mpira anakagwira ganyu youmba njerwa, ndipo ahedi anaperekeza anawo kuchipatala cha maso ku Lilongwe. Kumeneko ndiko tinamva koyamba dzina loti keratoconus.

Tikufotokozereni mmene tinamvera, chifukwa mwina wina wa inu ali ndi mwana wotere m'nyumba. Kutsogolo kwa diso kuli kagalasi koonekera kamene kamaphimba mwana wa diso, madokotala amakatcha cornea. Kamakhala kozungulira bwino ngati mbale yovundikira, ndipo kukhuthala kwake ndi pafupifupi theka la milimita basi. Pa matendawa kagalasiko kamapyapyala pang'onopang'ono, kamafooka, n'kuyamba kutukumukira kunja mpaka kusongoka ngati denga la nkhokwe. Kuwala kukadutsa pagalasi lopindika chonchi kumamwazika. N'chifukwa chake mwana amaona chilembo chimodzi ngati ziwiri kapena zitatu, nyali usiku imamuonekera ndi cheza chozungulira, dzuwa la masana limamuthobwa, ndipo kukada amapunthwa m'njira imene anaizolowera. Nthawi zambiri matendawa amagwira maso onse awiri, koma limodzi limatsogola, motero mwana amadalira diso labwinopo ndipo makolo sazindikira msanga. Amakonda kuyamba mwana akamatha msinkhu, ndipo amapitirira kwa zaka zambiri asanaime okha. Akayamba mwana ali wamng'ono amathamanga kwambiri. Si ng'ala ya agogo ija ayi, ndiponso sapatsirana, choncho makolo amene munaletsa ana anu kukhala desiki imodzi ndi anawa, chonde lekani.

Za gwero lake, mbali ina ndi ya kumtundu: pa odwala khumi aliwonse, pafupifupi mmodzi amakhala ndi wachibale wodwalanso. Amapezekanso kwambiri mwa ana a mphumu ndi ziwengo. Koma chimene chinatigwira mtima ndi nkhani ya kutikita maso. Nonse mukuwakumbukira ana aja a maso ofiira, oderako, amene chilimwe chikafika, fumbi la Okutobala likamauluka, amangokhalira kufikisa m'maso ndi zibakera kapena ndi kolala ya yunifolomu. Ife tinkaona ngati ndi za ana, zidzatha zokha. Kuyabwa kumeneko ndi ziwengo za m'maso, ndipo mwana akamatikita mwamphamvu tsiku ndi tsiku kwa zaka, amakhala akukanya kagalasi kofewa kaja. Atatu mwa ana anayiwa ndi omwe aja tinkawaona akutikita kuyambira ali ku Sitandade 2. Tinkawadutsa pakhonde tsiku lililonse.

Apa tichenjezenso, pakuti takumana nazo. Ena amadonthezera mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, ngakhale mkodzo m'diso la mwana. Ena amagula mankhwala odonthezera pamsika popanda kulemberedwa ndi dokotala. Mwa mankhwala amenewo muli ena a mtundu wa steroid amene amaziziritsa kuyabwa msanga, koma akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali popanda woyang'anira amakweza mphamvu ya madzi a m'diso, kuononga mtsempha woonera ndi kuyambitsa ng'ala. Tsopano pa asembule aphunzitsi akuphunzitsa ana kuti diso likayabwa aziika kansalu koyera konyowa ndi madzi ozizira pachikope, osati chala, ndipo kuyabwako kukapitirira apite kuchipatala.

Nanga chithandizo? Matendawa akangoyamba kumene, magalasi wamba amathandiza, koma mphamvu yake imasintha pafupipafupi chifukwa diso likusinthabe. Mnyamata uja tinamugulira magalasi, patangotha miyezi yochepa anasiya kumuthandiza. Zikafika pamenepo pamafunika timagalasi tolimba tovala padiso penipeni, timene timaphimba nsonga ija kuti kuwala kulowe mowongoka. Timeneti timayezedwa pa diso la munthu aliyense payekha, timafuna madzi ake otsukira ndi manja oyera, ndipo si totchipa.

Koma timagalasi sitiimitsa matenda. Chimene chimaimitsa ndi chithandizo chotchedwa cross-linking, chomwe akatswiri a ku Dresden m'dziko la Germany anayambitsa, ndipo zotsatira zake zoyamba pa odwala zinafalitsidwa mu 2003. Dokotala amadonthezera vitamini B2 pa kagalasi kaja, kenako amawalitsapo nyali yapadera kwa kanthawi, ndipo ulusi wa m'kati mwa kagalasiko umamangana n'kulimba. Abale athu, mfundo imene yatilembetsa kalatayi ndi iyi: chithandizochi chimasunga kuona kumene kwatsala, sichibweza kumene kwatayika. Ndiponso kagalasi kakapyapyala kupitirira muyeso, dokotala sangachichitenso mosavuta. Pamenepo chotsala ndi opaleshoni yoika kagalasi ka munthu wina amene anamwalira atapereka diso lake, ndipo inu mukudziwa kuti zimenezo n'zakutali ndi mwana wa mlimi wa kuno. Nthawi zina kagalasi kofooka kamang'ambika m'kati, madzi n'kulowa, diso n'kuyera mwadzidzidzi ngati mwathiramo mkaka, ndipo likapola limasiya chipsera. Mmodzi mwa anyamata athu zamuchitikira kale diso lakumanzere. Lakumanja ndi limene tikulimbirana.

Zimene tikupempha sizobisika. Anawa akufunika kubwereranso kuchipatala kangapo kukayezedwa ndi makina ojambula mmene kagalasi kapindikira, ndipo ulendo uliwonse umafuna thiransipoti ya mwana ndi womuperekeza, chakudya, nthawi zina ndi pogona. Pakufunika mankhwala a ziwengo olembedwa ndi dokotala, timagalasi tija ndi madzi ake, komanso thumba loti ana amene dokotala wanena kuti asachedwe akalandire cross-linking kumene imachitika. Ndalama zake n'zambiri, zoposa zimene mudzi uno ungatole ngakhale titagulitsa mbuzi zonse. Aliyense aponye chimene angathe. Msungichuma wathu ndi yemwe uja, simunamuiwale, ndipo a gulupu amaona chilichonse cholowa.

Pali thandizo lina losafuna ndalama. Ena mwa inu ndinu anamwino, ena madokotala, ena mumagwira ntchito m'maofesi mmene kalata ya kumudzi ikalowa imawerengedwa pokhapokha wina ainyamule pamanja. Tinyamulireni. Inu a ku Johannesburg ndi Cape Town, kumeneko chithandizochi chimachitika, tifunsireni njira zake. Ngati pali amene amadziwana ndi woyeza maso wochokera ku Mzuzu University kapena ku Nkhoma amene angalole kudzakhala nafe tsiku limodzi, tidzamuphikira ndi kumukonzera pogona, chifukwa tikukhulupirira kuti anayiwa si okhawo. Abale awo a bere limodzi nawonso akufunika kuyezedwa.

Sukulu ino yatulutsa aphunzitsi, asilikali, abusa ndi eni mashopu, ndipo timanyadira tikamakutchulani kwa alendo. Pa Khirisimasi timakuonani mukudutsa pamsewu wa kuseri kwa bwalo la mpira, fumbi lili kobo, timakweza mkono. Tikudziwa kuti m'tauni moyo wakwera ndipo aliyense ali ndi katundu wake. Komabe bolodi limene anawa akulephera kuliona ndi lomwe lija inu munaphunzirirapo a, e, i, o, u, ndipo ena mwa anawa ndi a alongo anu enieni.

Pakali pano aphunzitsi akulembera anawa manotsi m'zilembo zikuluzikulu madzulo ataweruka, popanda malipiro, ndipo ahedi alembera kale akuluakulu a maphunziro kupempha kuti mtsikana uja, amene ali mu Sitandade 8, adzapatsidwe mapepala a mayeso a zilembo zazikulu. Mnyamata amene tinamukalipira uja tinapita kwawo kukapepesa, iye ndi makolo ake. Tsiku lobwerera kuchipatala anatipatsa ndi la mwezi wamawa. Amayi asonkha kale ndalama yopitira ana awiri, ndipo sitinasankhe kuti otsala akhale ati.

Ife anu,
A komiti ya sukulu, a PTA, gulu la amayi ndi mafumu