Kalata kwa Makolo Potsekera Teremu Yachiwiri

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana,

Landirani moni. Teremu yatha, ndipo malipoti a mayeso ana abwera nawo pamodzi ndi kalatayi. Zikomo amayi nonse amene munkalawirira m'mamawa kudzaphika phala, ngakhale masiku aja nkhuni zinali zonyowa ndi mvula.

Pali nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo makolo a mwanayo andilola kuti ndiifotokoze. Mu Sitandade 4 tili ndi mtsikana wachialubino. Mwezi wa February ndinamupeza atakhala kumbuyo kwenikweni, kope lili pamphuno, osalemba kanthu. Nditamufunsa, anati kutsogolo anzake amasuntha iye akakhala, ati akamukhudza nawonso ayera. Kapu imene iye wamwera phala, wina aliyense ankaikana. Panjira ena amamukuwa kuti "napweri", enanso "ndalama ikudutsa". Mawu achiwiriwa anandizizira nawo thupi, poti tonse tikudziwa kuti abale athu achialubino akhala akuphedwa m'dziko muno chifukwa cha bodza loti ziwalo zawo zimabweretsa ndalama.

Nafenso aphunzitsi tinalakwa. Tinkamuyesa waulesi, chonsecho ana ambiri achialubino saona bwino patali, ndipo zolemba pabolodi iye sankaziona n'komwe. Titamukhazika kutsogolo n'kuyamba kulemba zilembo zikuluzikulu, masamu aja ankalephera ayamba kumuyendera. Sabata yatha anakweza dzanja koyamba.

Makolo anzanga, mwana wa zaka 9 sapeka yekha mawu otere. Amawatola pakhonde, pamjigo, kuchigayo. Chialubino sichipatsirana ndipo si tsoka. Mwana amatha kubadwa nacho ngati bambo ndi mayi onse ali nacho kumtundu, ngakhale iwo eni khungu lawo lili lakuda. Ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa tsankho, koma lamulo silikhala nawo pa desiki pamene ana akunong'onezana.

Wonyozedwa si mtsikanayu yekha. Alipo amene amamwa ma ARV, alipo atsikana obwerera kusukulu atabereka. Mwana wonyozedwa amayamba n'kukhala chete, kenako amajomba, mapeto ake dzina lake timalifufuta m'kaundula osadziwa chinamuchotsa n'chiyani.

Pa holideyi mufunseni mwana wanu kuti m'kalasi amakhala ndi ndani, nanga amene sakhala naye amamupeweranji. Tikatsegulira, Loweruka loyamba tidzakumana ndi komiti ya sukulu pamodzi ndi a gulupu. Tidzagwirizanenso za ana oti aziyenda naye mtsikanayu popita ndi pobwera, asamayende yekha panjira.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu