Za khadi la netiweki lomwe likukuvutitsanilo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tilipo, kungoti kwatentha.

Mwandiuza kuti chisinthireni kernel, mtima wa Linux, pa makina a kuntchito, khadi la netiweki likumangodzizimira lokha, ndipo maso anu onse ali pa driver yake, pulogalamu yoyendetsa khadilo. Nkhani yanuyi yandikumbutsa zomwe zidachitika mu 2008, anthu akuyesa Linux 2.6.27 isanatuluke.

Makhadi a Intel oyendetsedwa ndi driver yotchedwa e1000e, makamaka a pa ma chipset a ICH8 ndi ICH9, adayamba kufa. Zomwe zimasungidwa mu NVM, memory ya m'khadi yomwe siifufutika magetsi akazima, monga nambala ya MAC yozindikiritsa khadilo, zinkapezeka zitasokonezeka, moti ngakhale munthu abwerere ku kernel yakale kapena ayike Windows, khadilo silinkadzukanso. Opanga Ubuntu ndi openSUSE, mitundu iwiri ya Linux, adachita kuyamba atseka driver imeneyi mu zomwe ankayesazo. Ena ankaloza chala e1000e yomweyo, ena ankakayikira X server, pulogalamu yoonetsa zinthu pa sikirini. Chomwe chidachedwetsa kafukufuku n'choti kuyesa kulikonse kukanatha kupha khadi lina, ndiye ndani akanalola kupereka laputopu yake? A ku Intel adayamba atseka NVM kuti isamalembedwe, ndipo 2.6.27 idatuluka mu Okutobala wolakwa asanadziwike.

Wolakwayo adadzapezeka kuti ndi ftrace, chida cha Steven Rostedt cholondolera zomwe kernel ikuchita, chomwe sichikhudzana n'komwe ndi netiweki. Chinkalemba ma adiresi a malo omwe code yaitana mcount, kachidutswa ka code kothandiza kulondolako, kenako n'kubwerera kudzasintha malowo. Koma code ina imachotsedwa mu memory ikamaliza ntchito, ndipo ma adiresi akewo amapatsidwa kwa ena. Pa makina ena, ioremap, yomwe imagawira zipangizo ma adiresi, idawapereka ku khadi la netiweki, ndiye ftrace pobwerera inkakalemba m'khadimo. Zili ngati mmisiri wotumidwa kukagumula khoma pa nyumba yomwe eni ake adasamuka kale ndipo mwalowa anthu ena.

Apa ndi pomwe pamandigwira mtima. Rostedt sadachite mosasamala ayi. Adagwiritsa ntchito cmpxchg, lamulo lomwe limayamba laona ngati zomwe zili pamalopo ndi zomwe ukuyembekeza, ndipo zikasiyana silisintha kanthu. Koma purosesa ya x86 imalembabe pamalopo ngakhale zitasiyana, imangobwezera zomwe yapeza. Mu memory wamba palibe chimaonongeka. Koma pa ma register, malo omwe chipangizo chimalandirirapo malamulo, kulemba kulikonse chipangizocho chimakumva ngati lamulo. Mu 2.6.27.1 adatseka dynamic ftrace, gawo lomwe linkasintha code lija, ndipo mu 2.6.28 ma adiresi aja adayamba kusonkhanitsidwa pomanga kernel.

Ndiye ine ndikuti driver ija muyambe mwaisiya. Choyamba sungani zomwe zili m'khadi ndi lamulo la ethtool -e, muziike pa flash disk. Mukatero tengani kernel yomwe inkayenda bwino ndi yovutayo muchite git bisect, njira yoyesera ma kernel apakati pa awiriwo mpaka mutapeza pomwe vuto lidalowera, pa makina omwe ataonongeka abwana sangalire nawo. Musathamangire kuuza bisect kuti "good" chifukwa khadi lagwira mphindi zochepa. Vuto lobwera mwa apo ndi apo limafuna kulidikira, apo ayi bisect yonse isochera.

Munditumizire dmesg (mauthenga a kernel) ndi .config (makonzedwe ake) za ma kernel onse awiri, ndiziona Loweruka. Mupereke moni kwa alamu, ndipo mayi akufunsa ngati mubwere pa Khrisimasi.

Ndine mnzanu wa ku Zomba