Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yachiwiri

Okondedwa makolo ndi onse osamalira ana,

Tikuthokoza Mulungu potisunga mpaka kumapeto kwa teremu ino.

Ndiyambe ndi nkhani imene yatisautsa. Makolo ambiri sanamalize fizi, ndipo ena akana poyera kulipira gawo limene timapereka ku ISAMA, bungwe la sukulu zoyima pazokha, ati ndi ndalama zongodyera akuluakulu. Mawu amenewa andipweteka, choncho mundilole ndikukumbutseni kumene tachokera.

Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira ku sukulu za boma mpaka ena ankaphunzirira pansi pa mitengo. Sukulu zapulayiveti zinayamba kutsegulidwa paliponse. Zina zinali zabwino ndithu, koma zina zinali m'nyumba zogona ndi m'magolosale akale, zopanda chimbudzi, aphunzitsi ake ongomaliza kumene Fomu 4. Kholo limalipira chaka chonse, pofika nthawi ya mayeso a MANEB n'kumva kuti sukuluyo ilibe nambala ya senta. N'chifukwa chake eni sukulu anaona kufunika kokhala m'bungwe, kuti aziwongolana okhaokha komanso azilankhula ndi Unduna wa Zamaphunziro ndi mawu amodzi. Lero lamulo la zamaphunziro la 2013 limafuna kuti sukulu iliyonse ilembetsedwe, ndipo yosakwaniritsa zofunika boma limaitseka.

Oyendera sukulu akabwera safunsa kuti makolo alipira liti. Amawerenga zimbudzi za atsikana, amatsegula kaundula, amafuna kuona satifiketi ya mphunzitsi aliyense. Zonsezi zimalira ndalama. Teremu ino malipiro a aphunzitsi achedwa, ndipo mphunzitsi wodziwa ntchito akatithawa, ovutika ndi ana anu omwewa.

Choncho mwana amene ali ndi ngongole sadzalowa m'kalasi teremu ikubwerayi. Sitikondwera kubweza mwana pageti atavala kale yunifolomu. Tikudziwa kuti zinthu zakwera mitengo. Chonde makolo anzanga, bwerani ku ofesi tidzagwirizane zolipira pang'onopang'ono, kusiyana ndi kukhala chete.

Tikuyamikira timu ya mpira wamanja, kwaya yathu, ana a Sitandade 8 amene alimbikira makalasi am'mawa, ndiponso komiti ya makolo pokonzetsa mjigo.

Malipoti mutenge ku ofesi Lachisanu. Tidzatsegulira tsiku limene Unduna walengeza, ndipo msonkhano wa makolo udzakhala Loweruka la sabata yoyamba. Mudzabwere nonse.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu